Anyundo ndi Pikiapu ya Mkamwini

Galimoto ikalowa pabwalo pa Anyundo, imayamba kulandira moni ndi galimotoyo, mwini wake amadikira. Mayiwo amasiya zimene akuchita, n'kutenga kanyundo kawo ka mutu wozungulira, n'kugwada pambali pa tayala lakumbuyo. Akatero amagogoda chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zija zimene zimanyamula galimoto yonse kunsi. Ngo, ngo, ngo, khutu lili tcheru. Akamaliza m'pamene amakweza mutu n'kunena kuti, "Eya, mwaswera bwanji bambo?" Ena amakwiya nazo, koma ambiri anazolowera. Dzina lakuti Anyundo anawapatsa ndi madalaivala omwewo, ndipo linakakamira moti ngakhale kuchipatala amawaitana choncho.

Malo awo ali kuseri kwa mzere wa mashopu, shedi ya malata yopanda khoma kutsogolo. Pansi m'pakuda ndi oyilo wakale ndi tizidutswa ta marodi owotcherera. Kukhoma kwatsamira mageti osapenta, mafelemu a mawindo ndi bedi la munthu wina amene analisiya kalekale osabweranso. Pakhomo pali mpando wa minibasi wong'ambika, ndipo pampandopo pamakhala amuna awo, Amisiri, manja atatsamira pa ndodo, nkhope italoza kumene kukumveka phokoso. Anyundo eni ake ndi mayi wamfupi wa mapewa otambalala, mikono ili mathothomathotho ndi zipsera za moto. Akavala chigoba chakumaso pamwamba pa duku, mlendo amafika n'kufunsa kuti, "Achimwene, abwana alipo?" Iwo amayankha ali m'chigoba momwemo kuti, "Abwana ake ndi ine, achimwene anuwo sindinawaone."

Ntchitoyi sanailote n'komwe. Wowotcherera pamalopo anali Amisiri, munthu waluso koma wamakani, amene ankati chigoba chimawatentha, n'kumawotcherera atavala magalasi adzuwa ogula pamsika. Maso anayamba kuchita mdima mwana wawo wotsiriza, amene mpaka lero amangomutchula kuti Mzime, adakali kumsana. Poyamba mayiwo ankangobwera kudzagwirira zitsulo. Kenako anayamba kulozera: "Kumanzere pang'ono, abambo ake, mwaphonya mzere." Tsiku lina Amisiri anawotcherera chitseko cha geti patebulo logwirira ntchito, geti ndi tebulo kukhala chinthu chimodzi. Anthu anaseka, iwonso anaseka nawo. Koma anthu atabalalika anakhala pansi, kenako anatambasula dzanja n'kupereka chogwirira rodi kwa akazi awo.

Mizere yoyamba imene Anyundo anawotcherera inali yomvetsa chisoni. Amisiri ankadikira chitsulo chizizire, n'kuyendetsa chala chachikulu pamwamba, n'kunena kuti, "Nkhuku yadutsanso apa." Mayiwo ankapala zonse n'kuyambiranso, misozi ikutsika mkati mwa chigoba pamene palibe akuiona. Amuna ambiri anachotsa ntchito zawo, ati mkazi sangagwire galimoto yawo. Iwo anapitiriza ndi mageti ndi mabedi, ana n'kudya, n'kupita kusukulu, mpaka madalaivala aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti wangodutsa.

Chimene chinawabweza ndi nkhani ya dzimbiri. Owotcherera ena akaona bowo pa chesisi amaika chigamba pamwamba, n'kupaka penti yakuda, mwini wake n'kupita akusangalala. Anyundo sachita zimenezo ngakhale muwagwadire. Amadula mpaka afike pa chitsulo chowala, ndipo ngati chowalacho chili patali, amadula mpaka kutaliko. Koma tisanamizane, pakamwa pawo m'poopsa. Chimene nyundo yawauza amachinena pomwepo, mokweza, kaya pali alendo kaya palibe. Nkhani iyi isanachitike, palibe anali atawamvapo akupepesa munthu.

Mwamuna wa Mzime anali ndi pikiapu yoyera yochitira hayala. Mkamwini ameneyu anali munthu wodekha, wosamwa, waulemu, ndipo galimoto yakeyo ankaisamala mpaka anzake pasiteji anamutcha Aukhondo. M'mawa uliwonse ankaitsuka ndi paipi ya madzi, kunsi komwe, ndipo chesisi ankaipenta yekha ndi kabulashi kuti izioneka yakuda bwino. Kwa apongozi ake sankaibweretsa. Ankati asamveke kuti anakwatira mwana wa wowotcherera n'cholinga chokonzetsa galimoto mwaulere. Mzime ankagulitsa mazira ndi ndiwo zamasamba, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera nawo pikiapuyo kukapikula kwa alimi, msewu wa zigwa ndi makona. Nthawi imeneyo n'kuti ali woyembekezera, mimba yoyamba.

Tsiku limene zinavuta, mkamwini anangobweretsa mapaipi amene Anyundo anagula kushopu. Pashedi panali madalaivala awiri akudikira ntchito zawo. Mkamwini akumasula zingwe, dzanja la mayiwo linapita lokha ku kanyundo kaja. Anagogoda kutsogolo, chitsulo chinalira bwino. Anagogoda pakati, chimodzimodzi. Atafika pafupi ndi pamene pamamangirira masipuling'i akumbuyo, mawu anasintha, anamveka ngati akugogoda katoni yonyowa. Amisiri pampando paja anatembenuza mutu. Anyundo anamenyanso mwamphamvu pang'ono, nyundo n'kulowa yonse mpaka mpini. Pabowopo panatuluka madzi ofiira, onunkha, ndi makoko a dzimbiri.

Anadzuka, ndipo mantha awo anatulukira pakamwa. "Akamwini, mwana wanga ndi mdzukulu wanga wam'mimba mukuwanyamula pa bisiketi."

Madalaivala aja anafa nazo kuseka. Mmodzi anati, "Aukhondo, kani n'kunja kokha?"

Mkamwini anayang'ana bowolo, anayang'ana apongozi ake, nkhope itagwa. "Amayi, ine ndabweretsa mapaipi. Sindinabweretse galimoto." Anatsitsa mapaipi onse, kuwasanja bwinobwino kukhoma, n'kuliza galimoto n'kupita.

Mzime, amene ankadutsa pashedi pafupifupi tsiku lililonse, anasiya kubwera. Pafoni anangoti, "Amayi, mwamuchititsa manyazi. Pasiteji ponse akumutchula Abisiketi. Bowo lanulo wakatseketsa kwina, musavutike." Mayiwo atati ayambe kufotokoza, foni inali itaduka kale.

Apa ndiye Anyundo anachita mantha enieni. Ankadziwa chimene chigamba chimachita pa chitsulo chowola: chimabisa bowo, dzimbiri n'kumapitiriza kudya kuseri. Anaionapo pikiapu yothyoka msana pamsewu, mutu wa galimoto ndi bodi zitapindana, ndipo ankadziwa kuti wokhala kutsogolo ndi amene amapanikizika. Kutsogolo kwa pikiapu iyi kunkakhala Mzime. Ntchito inayamba kuwasokonekera, anadula felemu ya windo mofupikitsa, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Amisiri anamva felemu ikuponyedwa pansi n'kunena kuti, "Amake Mzime, nyundo yanu sinalakwe. Walakwa ndi mlomo."

"Ndiye ndikananama?"

"Mukanamuitanira kuseri. Mwamuna wamwini mwamuvula pagulu, ndiye mukufuna abwere yekha kudzakuthokozani?"

"Inu khalani chete, simunaone mmene panalili."

"Zoona sindinaone," anatero Amisiri. "Koma ndinamva zonse ziwiri, chitsulo ndi inu."

Mayiwo anatola felemu ija pansi. Anakakamira makani awo kwa masiku angapo, akudziuza kuti wolakwa si iwo. Kenako masana ena, ataima pamsewu kugula sopo, pikiapu yoyera ija inadutsa itadzaza matumba a kabichi, Mzime ali kutsogolo, mkono uli pawindo. Anyundo sanayang'ane nkhope ya mwana wawo, anayang'ana mpata wa pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi. Mpata umenewo umayenera kukhala wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Uwu unali utapanikizika pamwamba. Msana wa galimoto unali utayamba kupindika, ndipo mayiwo anabwerera kushedi sopo atamuiwala pakauntala.

M'mawa mwake anavala diresi ndi nsapato zimene zimawapweteka, kanyundo anakasiya patebulo. Anakafika pasiteji madalaivala atakhala pabenchi, mkamwini akupukuta galasi. Onse anatembenuka kudikira sewero lachiwiri. Anyundo anaima pakati, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

"Akamwini, ndinakunyozani pa anthu, ndiye ndabwera kudzapepesa pa anthu. Ndinalakwa. Galimoto mumaisamala kuposa aliyense wakhala pabenchi apa, ndipo mwana wanga mumamusamala. Mundikhululukire." Anatembenukira kubenchi. "Ndipo inu, amene ndimumvenso akutchula bisiketi, galimoto yake ndikaigogoda pamaso pa mkazi wake."

Palibe anaseka. Mkamwini anasowa poika nsanza yake. Anati, "Amayi, simunayenera kuvutika kubwera kuno."

"Ndinayenera. Tsopano tabwerani kuno tokha."

Anapita naye kuseri kwa pikiapu, mbali yosaoneka kubenchi. Sananene kanthu za dzimbiri. Anangogwira dzanja la mkamwini n'kuliika mumpata uja pansi, zala zonse zinalowa. Analikweza pamwamba, zinalowa ziwiri zokha, movutikira. Mkamwini anabwereza yekha, pansi ndi pamwamba, kenako anazungulira kukayesa mbali ina. Atatero anabwerera pamene panaima apongozi ake.

"Ibweretseni," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ndikupemphani monga mayi wake."

"Ndibweretsa. Koma ndidzagwira nawo ntchitoyo, amayi. Sindidzakhala pampando n'kumaonerera."

"Mpando ulipo umodzi ndipo uli ndi mwini wake."

Ntchito ya chesisi si yothamangira. Anayamba n'kuchotsa batire, kukhuthula thanki ya mafuta n'kuinyamulira kutali ndi shedi, kenako kumasula mabawuti a bodi, ena osamasuka mpaka kuwadula. Bodi itachoka, pikiapu inatsala mafupa okhaokha. Anyundo anaikhazika pa zoimikira zimene anapanga okha ndi malimu akale a matayala, n'kukoka chingwe mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pangodya ina, uku ndi uku, mpaka miyezo inafanana. Anawotcherera mapaipi awiri mopingasa kuti chesisi isapotoke ikadulidwa. Chigamba chimene mkamwini anakaikitsa kwina chija anachimenya kamodzi ndi tchizulo, chinagwa pansi ndi penti yake yomwe. Mkamwini anachitola, anachitembenuza, n'kuchiika pambali.

Ndiye anatenga choko n'kuyamba kulemba pomwe adule, akugogoda, akusendeza mzere, akugogodanso. Mzere unapita patali kuposa mmene mkamwini ankaganizira. Makina odulira atalira, chidutswa chotalika ngati mkono chinagwa. Mkati mwake munali matope ofiira onyowa, odzaza mpaka pakati. Anyundo anafukula ndi chala, akudabwa kuti madzi ochuluka chonchi anakhala bwanji m'chitsulo chimene chili ndi mabowo otulukira madzi pansi pake. Atachitembenuza anaona chifukwa chake. Bowo lililonse linali lotsekedwa ndi kachidutswa ka patapata, kodulidwa mozungulira bwinobwino, kokhomeredwa mosamala, kopentedwa pamwamba.

Mawu anafika pakhosi. Anali mawu abwino kwambiri, oti madalaivala akanawakumbukira chaka chonse. Pampando paja Amisiri anatsokomola, chifuwa alibe. Anyundo anameza mawu awo, anazula tizidutswa tija n'kutiika m'thumba la ovololo.

Mkamwini anali ataona kale. "Ndinatseka ndine, amayi. Nditangoigula. Ndinkati matope asamalowe."

"Munadula bwino," anatero mayiwo. "Ine sindingadule mozungulira choncho. Kungoti madzi amalowera pamwamba mukamatsuka, ndiye potulukira pake ndi pomwepa."

"Ndiye kuti ndimaiwoletsa ndekha, m'mawa uliwonse."

"Munkaikonda. Ena amawoletsa chifukwa chosasamala, zimenezo ndiye zimandinyansa. Tengani waya uyu, muzule zotsala mbali inayo."

Mkamwini analowa kunsi ndi waya, ndipo anakhalitsa kumeneko kuposa mmene ntchitoyo imafunira. Mayiwo anamusiya.

Kuwotcherera kwenikweni kunatenga nthawi, chifukwa Anyundo sathamanga ndi moto. Chitsulo chatsopano anachipinda mofanana ndi chakale, malekezero ake odulidwa mopendama kuti kulemera kwa katundu kusagwere pamzere umodzi. Ankawotcherera pang'ono apa, n'kudumphira mbali ina, n'kudikira pazizire pokha. Mkamwini atabwera ndi ndowa kuti athire madzi, anamubweza ndi diso lokha. Pamwamba pa mfundo iliyonse anaikapo chitsulo china chosongoka mbali zonse ziwiri, ngodya zake zopalidwa. Mkamwini ankagwirira, ankapala, ankagogoda makoko a pamizere yowotcherera, manja ake osalala aja anatuluka matuza ndipo sanadandaule. Mzime sanabwere ngakhale kamodzi, ndipo mayi ake sanafunse, ngakhale maso awo ankapita kumsewu nthawi iliyonse akakweza chigoba.

Atamaliza, anawagwira dzanja Amisiri n'kuwafikitsa pa chesisi. Mkuluyo anayendetsa chala pamzere uliwonse pang'onopang'ono. Pa umodzi anaima, anabwerera, anaimanso. "Apa munali mukuganiza zina."

"Anthu osaona ndi ovuta bwanji," anadandaula Anyundo. Koma anatenga makina n'kupala mzere wonsewo, n'kuwotchereranso, mkamwini akuyang'ana modabwa kuti mayi amene amaopedwa ndi siteji yonse akumvera chala cha munthu mmodzi. Kenako anathira oyilo wakale mkati mwa chesisi, anapenta kunja, anabwezera thanki, bodi ndi batire. Mpata wa pakati pa mutu ndi bodi unabwerera mwakale.

Mkamwini ankati ntchito yatha. Anyundo anamutuma akadzaze pikiapu ndi mchenga wonyowa mpaka pakamwa, abwere nayo. Atabwera, matayala ataphwatalala ndi kulemera, anapeza madalaivala awiri aja aliponso, ndipo pakhomo pa shedi panali pataima Mzime. Anabwera wapansi, mimba patsogolo, dzanja lili m'chiuno, nkhope yosadziwika ngati yakwiya kapena ayi. Mayi ake anamuyang'ana, anafuna kuyankhula, koma anangotola katoni n'kuiyala pansi pa galimoto.

Anatembenukira kwa madalaivala aja. "Inu awiri, kwerani pamwamba pa mchenga. Ndikanena muzidumpha, mudumphe ngati mwadya."

Anagona chagada pakatoni n'kudzikokera kunsi, nkhope pansi penipeni pa mfundo zimene anawotcherera. Palibe chesisi imene inatulukapo pashedi imeneyo iwo asanagone kunsi kwake itasenza katundu. Madalaivala ankazidziwa, koma Mzime ndi mwamuna wake anali asanazionepo.

"Amayi, tulukani kumeneko," anatero Mzime. Anali mawu oyamba kuwayankhula maso ndi maso chichitikire zija.

Mkamwini anagwada n'kusuzumira. "Amayi, nanga ikathyoka?"

"Ikathyoka ithyokere ine amene ndawotcherera, osati mwana wanga pamsewu. Tayambani kudumpha uko."

Madalaivala anazengereza. Mkamwini anakhala chogwada kanthawi, anayang'ana mkazi wake, kenako anagona pansi n'kudzikokera kunsi, pambali pa apongozi ake. Katoni inali yokwana munthu mmodzi, iye anagona padothi.

"Dumphani," anatero ali kunsiko.

Anadumpha. Pikiapu inatsika, inakwera, masipuling'i analira, mchenga unathothoka m'mbali. Anadumphanso, mwamphamvu. Mzime ankangoona mapazi anayi atatulukira pansi pa galimoto, mabuti opsa a mayi ake ndi nsapato za mwamuna wake. Anakakhala pampando wa minibasi pambali pa bambo ake n'kuwagwira mkono, akulira osabisa.

Kunsi kuja kunamveka mawu a Anyundo, aukali monga mwa masiku onse. "Akamwini, sendezani mutu, mukunditchingira kuwala."

Amisiri anapendeketsa khutu, anamvetsera chitsulo, kenako anafinya dzanja la mwana wawo. "Yagwira?"

"Yagwira, ababa," anatero Mzime akupukuta m'maso. "Onse awiri ali kunsi."